Galu wanga ankalira ine kulibe, aneba n'kumangoti palibe vuto

Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, m'nyumba za lendi zomangidwa mdadada. Makomo ndi anayi mumpanda umodzi, mpopi ndi umodzi, mabafa ndi zimbudzi zili kuseri, ndipo agogo eni nyumbazi amakhala kutsogolo kufupi ndi geti. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka. Amene anaigwirapo bizinesi imeneyi akudziwa kuti belo labwino silidikira munthu, choncho ndimatuluka kusanache n'kubwerera dzuwa litalowa. Mwana wanga wamkazi akaweruka kusukulu amandipeza kumsika konko. Ndiye kuti tsiku lonse pakhomo panga sipakhala munthu.

Mu February 2023 mbava zinatilowera usiku mvula ikugwa. Ndi phokoso la mvula pamalata palibe anamva kanthu. Zinathyola zenera la kachipinda kamene ndimasungiramo katundu n'kutenga theka la belo la majekete amene ndinkasungira nyengo yozizira, katundu wa ndalama pafupifupi K120,000. Mpamba wanga unali umenewo. Kwa masiku angapo tulo sindinkatiwona, kamphepo kakangogwedeza chitseko ndinkadzambatuka. Nditamufotokozera mlongo wanga wa ku Mponela, anati, "Chemwali, pakhomo popanda galu ndi pamene mbava zimayambira. Wanga waswa, mubwere mudzatenge mmodzi."

Ndinakapempha kwa agogo, iwo anangoti, "Bola asamalume ana." Ndinaona ngati nkhani yatha pamenepo. Koma nyumba ya agogo ili kutsogolo, kutali ndi kumene galuyo anadzakhala. Ngati mukukhala mumpanda wa anthu ambiri, chilolezo cha alandilodi chokha sichikwanira. Kagogodeni khomo ndi khomo, makamaka kwa amene mazenera awo ayang'ana kumene mukufuna kuika chiwetocho, ndipo mufunse kuti iwo amagona nthawi yanji. Ine funso limeneli silinandibwerere n'komwe m'mutu.

Ndinasankha wamkazi chifukwa mlongo wanga anati aakazi sayendayenda. Mwana wanga anamutcha Sheba. Anabwera mu March ali ndi miyezi ngati inayi. Ndinagula tcheni pamsika wa Nsungwi n'kumumangirira pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mtengowo unali mapazi atatu okha kuchokera pazenera la kuchipinda kwa aneba a khomo lachiwiri. Bambo a pakhomopo amagwira ntchito yaulonda ku Kanengo, amachezera usiku wonse n'kubwera cha m'ma 7 koloko m'mawa kudzagona. Akazi awo anali ndi khanda la miyezi yochepa. Khomo lachitatu kunkakhala mayi wina ndi mwana wawo wamwamuna wa Fomu 4.

M'mawa ndinkamusiyira nsima ya gaga yonyikidwa m'msuzi wotsala ndi madzi m'kapoto kakale, ine n'kumapita. Madzulo ankandilandira ndi mchira, kudya, n'kugona phee. Usiku ankauwa pang'ono akamva anthu kumsewu, zomwe ine zinkandisangalatsa chifukwa ndi ntchito imene ndinamutengera. Kumsika ndinkachita kunyadira kwa anzanga kuti galu wanga ndi wofatsa.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sindinkaziwerenga. Moni wa aneba anayamba kufupika. Mayi a khanda aja, amene kale ankabwera kudzapala moto pambaula panga n'kukhala pang'ono tikucheza, anasiya. Pansi pa mango paja ndinkapezapo miyala ndi zidutswa za njerwa, ine n'kumakalipira ana a kuseri kwa mpanda kuti akugenda mango osapsa, osaganiza kuti m'mwezi wa May mumtengomo munalibe ngakhale bango limodzi. Tsiku lina tili pampopi ndinafunsa mayi a khanda aja kuti, "Asisi, Sheba sakukusowetsani mtendere?" Anayankha akutsuka ndowa, osandiyang'ana, "Ayi aneba, palibe vuto, ndi chiweto."

Ndinakhulupirira chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Kwathu kuno munthu amene mumatunga naye pampopi umodzi sangakuuze pamaso kuti wamutopetsa. Amaopa kutchedwa wanjiru, amaopa kuti mawa akadwalitsa mwana adzasowa pogogoda. Ndiye amapirira, amadandaulira ena, mpaka tsiku lina zimangophulika. Mukafuna kumva zoona musafunse ngati akuvutika. Funsani kuti, "Amayamba kulira nthawi yanji ndikachoka? Amatenga nthawi yaitali bwanji?" Funso lotere limasonyeza kuti mwavomereza kale kuti phokoso lilipo, ndipo mnzanuyo amamasuka.

June atafika kunazizira monga mmene ku Lilongwe kumachitira, ndipo Sheba, amene ankagona padothi popanda ngakhale chiguduli, anayamba kulira ndi usiku womwe. Chipinda changa chili mbali ina, ndipo ine ndikatopa ndimagona ngati ndafa, choncho ndinkangomva patalipatali. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mnyamata wa Fomu 4 uja, mayeso a MSCE atayandikira, mayi ake anamutumiza kukagona kwa achibale ku Area 49 kuti aziwerenga bwino. Anali kulipira thiransipoti tsiku ndi tsiku chifukwa cha galu wanga, koma tikakumana pageti ankandipatsa moni.

Mumpanda mwathu tili ndi gulu la pa WhatsApp lokambirana za bilu ya madzi. Lachinayi lina mu July, ndili pakati poyesa kasitomala jekete, munalowa uthenga wamawu wochokera pa nambala ya mayi a khomo lachitatu, wopanda mawu alionse olembedwa. Ndinautsegula. Munkamveka Sheba akulira mokuwa, kulira kotalika kokweza n'kutsitsa, kenako kuuwa motsatizana osapumira. Tcheni inkagunda kapoto, ngwe ngwe ngwe. Chapatali khanda linkalira. Kenako mawu a bambo, osasa chifukwa cha tulo, "Cheteee! Iwe galu iwe!" Galu n'kuwonjezera. Uthengawo unali wa mphindi zitatu, ndipo unajambulidwa 11 koloko m'mawa.

Ndikanakonda kunena kuti ndinamva chisoni, koma chimene chinabwera koyamba ndi mkwiyo. Ndinaona ngati andichititsa manyazi pagulu m'malo mobwera kudzandiuza mwaulemu. Ndinalemba pomwepo kuti, "Galu ameneyu akuteteza tonse mumpandamu, pamene anandibera palibe anatuluka." Palibe anayankha. Madzulo nditafika, amayi onse amene anali pakhonde analowa m'nyumba zawo. Uthenga wotere ukakupezani, ikani foni m'thumba, mukayankhe pakamwa mtima utatsika. Mawu anga aja anatenga miyezi kuti afufutike, ndipo kwa munthu mmodzi sanafufutike mpaka lero.

Usiku umenewo ndinamvetseranso uthengawo kangapo. Sindinkamuzindikira galu wanga. Ndiye Lolemba lotsatira sindinapite kumsika. Ndinavala monga mwa masiku onse, kutseka chitseko, kutsegula geti n'kulitsekanso mwaphokoso, kenako n'kulowa mwakachetechete kukhitchini kwa agogo komwe kawindo kake kamaonetsa kuseri.

Sipanathe mphindi zisanu. Sheba anaimirira, kukoka tcheni mpaka miyendo yakutsogolo kunyamuka, n'kuyamba kulira akuyang'ana kugeti. Kenako anayamba kuzungulira mtengo. Pansi panali patakumbika kanjira kozungulira, kosalala, kamene ine ndinali ndisanakaonepo chifukwa ndimafika kutada. Akamazungulira tcheni inkakulungika pamtengo mpaka inatsala yaitali ngati mkono wanga. Kapoto ka madzi kanagubuduka isanakwane 8 koloko. Dzuwa litakwera mthunzi unasuntha, iye n'kutsala padzuwa, lilime panja, osatha kufika pamthunzipo. Mwana akadutsa kupita kuchimbudzi, kuuwa. Wogulitsa masamba akaitana kumsewu, kuuwa. Ndinaona bambo aja akutsegula zenera, maso ofiira, n'kuponya chidutswa cha njerwa chimene anali atasungira pawindo pomwepo. Nditapita kukamumasula ndinapeza ubweya wa m'khosi utasosoka, khungu litafiira, ndipo m'makutu munali nkhupakupa zonenepa.

Agogo, amene anali kusankha nyemba pambali panga nthawi yonseyi, anati, "Mwana wanga, walira mvula walira matope. Galu munamufuna ndinu, za galu nazonso ndi zanu. Ife tamva zimenezi kuyambira March."

Anthu akumsika anandipatsa malangizo osiyanasiyana. Wina anati ndizimumenya akalira. Wina anati ndizimuthirira mapiritsi a chimfine ogonetsa aja m'chakudya. Musayese, mankhwala ena a anthu amapha galu, ndipo kumenya sikuchotsa ludzu kapena kusungulumwa. Amene ndinawamvera ndi amene anati, "Ingomumasulani, agalu akumudzi samangidwa." Zinkamveka zanzeru, komanso zinali zaulere.

Phokoso la masana linachepadi. Koma mavuto anangosintha mtundu. Sheba anayamba kuchita chimbudzi pafupi ndi mpopi, pamene amayi amatsukira mbale. Anadya usipa umene mayi a khomo lachinayi anayanika, anaponda ufa wa pamphasa, kenako anagwira nkhuku ya agogo. Ndinalipira K7,000. Ndinayamba kumabwera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndikudzifunsa kuti lero walakwira ndani.

Choopsa chenicheni chinabwera mu August. Palibe anandiuza kuti galu wamkazi akafika miyezi yapakati pa 6 ndi 12 amalowa nyengo yofuna amphongo, kuti nyengoyo imatenga milungu iwiri kapena itatu, ndiponso kuti imabwera pafupifupi kawiri pachaka. Fungo lake amphongo amalimva ali kutali. Anayamba kubwera awiri, kenako gulu. Ankalowera pansi pa geti ndi pabowo lotulukira madzi, ena kuchita kulumpha mpanda pamene njerwa zinagumuka. Usiku wonse kunali nkhondo: kulumana, kukuwa, kugubuduza ndowa ndi mabeseni, kuthamangitsana pakati pa zingwe zoyanikira zovala. Apa ngakhale ine sindinkagona. Ndinkatuluka 2 koloko usiku ndi chitenje chokha, ndodo kumanja, kuthamangitsa agalu a eni ake, magetsi a m'nyumba zonse atayaka koma popanda wotuluka kudzandithandiza. Ana ankaopa kupita kuchimbudzi m'mawa. Mayi a khanda aja analongedza n'kupita kwa mayi awo ku Likuni.

Agogo anaitanitsa msonkhano Lamlungu masana, n'kuitananso abuloko lida a dera lathu. Tinakhala pansi pa mango omwe aja. Aliyense analankhula, ndipo zimene anasunga m'mimba kwa miyezi isanu zinatuluka tsiku limodzi. Mayi a khomo lachitatu anawerengera ndalama za minibasi zimene anawononga pa mwana wawo. Abuloko lida anafunsa ngati galuyo anabayitsa katemera wa chiwewe, ine n'kusowa choyankha chifukwa ndinalibe khadi lililonse. Chigamulo chinali chachidule: pofika kumapeto kwa September, achoke galu kapena tichoke tonse awiri. Ndinalowa m'nyumba n'kulira. Kusamuka kunkafuna lendi ya miyezi itatu yolipiriratu, ndipo mwana wanga atamva zoti Sheba abwerere ku Mponela anakana kudya.

Patapita masiku ochepa, m'mawa ndikutuluka mochedwerapo, bambo olondera aja anandiimitsa pageti akuchokera kuntchito. "Aneba, tabwerani muone." Mungalande kunja kwa geti munali galu wamphongo wakufa, thovu kukamwa. Mkati mwa mpanda, pafupi ndi bowo la madzi, panali kachidutswa ka nyama kodetsedwa ndi timibulu takuda. Tameki. Anthu amagula m'timapepala ngati mankhwala a makoswe, koma ndi poizoni woopsa amene amapha galu, nkhuku, ngakhale munthu. Malo amene panali nyamayo ndi pamene adzukulu a agogo amaseweretsa timagalimoto tawo tamawaya. Sheba anapulumuka chifukwa usiku umenewo ndinamutsekera m'kachipinda ka katundu. Sindinaloze munthu chala, chifukwa nkhondo za usiku zija zinasautsa ndi a kunja kwa mpanda omwe. Tinaitola nyamayo ndi fosholo n'kuikwirira mozama. Zikakuchitikirani, musaigwire ndi manja, ndipo galu akayamba kuchucha dovu, kunjenjemera ndi kusanza, thamangirani kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.

Titamaliza kukwirira, bamboyo anatsamira fosholo n'kunena mawu amene anandisintha maganizo kuposa msonkhano wonse uja. "Aneba, ine galu sindimuda. Kuntchito kwathu tili nawo awiri ndipo ndimawadyetsa ndine. Koma mwezi watha abwana anandipeza ndikuwodzera, anandidula malipiro a masiku atatu, n'kundiuza kuti kachiwiri ndi kalata. Masana sindigona. Ntchito ikatha, banja langa mulidyetsa inu?"

Ndinalibe yankho. Ine ndinkawerengera phokosolo ngati chinthu chongotopetsa, iwo linali kuwadyera malipiro. Ndinawapepesa, kenako ndinawafunsa chimene akanachita akanakhala ine. Anandizungulitsa mpanda wonse akuloza. Khomo langa ndi lakumapeto, ndipo pakati pa khoma langa ndi mpanda pali kampata kamene ndinkangotayamo makatoni. "Khola likhale apa," anatero. "Khoma lanu litchinge phokoso, akalira muziyamba kumva ndinu. Tcheni itayeni. Galu wapatcheni amalusa ndipo sakhala chete. Asamaone anthu odutsa. Ndipo mukamutseketse kwa dokotala kuti asamabereke, apo ayi February tidzaonanso zomwezi."

Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto. Minibasi sizilola galu, ndiye ndinachita hayala Sienta, K15,000 kupita ndi kubwera, Sheba atakhala pachiguduli kumapazi kwanga akunjenjemera. Anamubaya katemera wa chiwewe n'kundipatsa khadi, anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa, zonse K18,000. Ndinadzamva mochedwa kuti katemera wa chiwewe amabayidwa ulere pa makampeni amene alangizi a ziweto ndi mabungwe amachita m'madera, makamaka chakumapeto kwa September, poti pa 28 September ndi tsiku loganizira za matendawa padziko lonse. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limasamalira ziweto, kubaya katemera ndi kutseka agalu, ndipo ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe kuyambira 2015. Yambani mwafunsa kumeneko musanatulutse ndalama. Katemerayu ndi wa chaka ndi chaka, ndipo khadi lake ndi limene limatseka pakamwa pa milandu galu akakanda mwana wa mnzanu.

Dokotala atamupapasa anandiuza kuti mwachidziwikire watenga bere, ndipo bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63. Anati opaleshoni yomutseka inali yothekabe bere lisanakule, pamtengo wa K55,000. Ndalamayo ndinalibe, majekete anali atasiya kuyenda chifukwa kunali kutayamba kutentha. Ndinati ndibweranso, koma pamene ndinkaipeza nthawi inali itadutsa. Ndikanakongola tsiku lomwelo ndikanapewa miyezi inayi ya mavuto ena. Galu wamkazi mukamutenga, kambiranani ndi dokotala za kumutseka asanalowe nyengo yake yoyamba, ndipo ndalama yake muiwerengere pamodzi ndi tcheni ndi mbale.

Ndinabwerera kwa agogo ndi khadi la katemera m'manja, limodzi ndi bambo olondera aja, kukapempha kuti andiwonjezere nthawi mpaka January. Chimene chinawafewetsa si misozi yanga koma kuona kuti wodandaula wamkulu ndi amene akundiyankhulira. Mdzukulu wawo analemba m'kope zimene tinagwirizana: galu asapezekenso pabwalo popanda womugwira, usiku azigona m'kachipinda ka katundu, ndowe zake ndizichotsa ndisanachoke, ana akaswedwa asatsale ngakhale mmodzi.

Khola loyamba tinamanga ndi mapolo a bulugama, nsungwi ndi malata akale. Mapolo, misomali ndi mmisiri zinakwana K30,000. Waya wa mpanda ndinafunsa mtengo mu October anati K48,000, ine n'kunena kuti ndidikire kaye. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo waya yemweyo ndinakamugula K75,000. Sindikanachitira mwina, chifukwa Sheba anali ataswa ana asanu ndi mmodzi kumapeto kwa October, ndipo atangoyamba kuyenda ankatulukira m'mipata ya nsungwi n'kumakalowa m'makhitchini a anthu. Tiana tagalu timalira kwambiri mayi wawo akachoka, kamawu kosongoka kolowa m'mutu. Mwayi wake khola linali kale kumbali kwanga, ndiye wovutika kwambiri ndinali ine.

Kugawa anawo kunali ntchito ina. Amafunika akhale ndi mayi wawo mpaka milungu ngati isanu ndi itatu, ndiye tinafika nawo mu December. Amphongo atatu anapita msanga. Aakazi palibe ankawafuna, ndipo apa ndinamvetsa chifukwa chimene mlongo wanga anandilimbikitsira wamkazi. Awiri ndinawabweza ku Mponela komweko, wotsalayo anatengedwa ndi kasitomala wanga amene ali ndi mpanda wakewake ku Area 49. Mu January 2024 Sheba anachitidwa opaleshoni. Usiku wa dzulo lake sanadye monga anandilangizira, ndinalipiranso Sienta, ndipo kwa masiku khumi ndinkayang'anira kuti asanyambite bala. Ndinamuveka malaya akale a mwana, ochokera m'belo momwemo, n'kuwamanga kumsana.

Kumutseka kunathetsa nkhondo za amphongo, koma kulira kwa masana kunatha ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo kunatha pang'onopang'ono. Madzi ndimathira m'ndowa yokhazikidwa m'kati mwa tayala lakale kuti isagubuduke. Mbali ya waya yoyang'ana kunjira ya kuchimbudzi ndinatchinga ndi masaka. Pansi ndinaika thabwa ndi chiguduli, ndipo denga limapereka mthunzi tsiku lonse. Ndikamachoka sinditsanzikanso, ndimamuponyera fupa lalikulu laliwisi la ng'ombe lochokera kubutchala n'kutuluka mwakachetechete. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kubaya m'mimba, amenewo ayi. Ndinapempha aliyense mumpanda kuti asiye kumukuwira kuti chete, chifukwa munthu akakuwa galu amaona ngati wapeza womuthandiza kuuwa. Chachikulu pa zonse ndi kuyenda. Mdzukulu wa agogo akaweruka kusukulu amamutenga pachingwe n'kuzungulira naye mpaka kubwalo la mpira, ndipo ndimamupatsa K5,000 pamwezi. Galu wotopa amagona. Tsiku limene mnyamatayo wadwala kapena wapita kumaliro, Sheba amakumbukira nyimbo yake yakale.

Ndikaphatikiza nkhuku, katemera, khola, waya, Sienta kawiri ndi opaleshoni, ndinawononga K215,000, osawerengera chakudya ndi masiku amene sindinatsegule benchi kumsika. Mbava zinandibera katundu wa K120,000. Zitsulo zapazenera zimene ndinadzawotcheretsa pambuyo pake zinatchipa kuposa waya wa khola yekha. Sheba timamukonda, mwana wanga amamuuza nkhani za kusukulu, koma wina atandifunsa lero ngati kuli bwino kuweta galu m'nyumba za mdadada iye akuchoka m'mawa n'kubwera usiku, ndingamuuze kuti ayambe ndi zitsulo ndi loko wabwino.

Si zonse zinakonzeka. Mayi a khomo lachitatu anasamuka chaka chomwecho cha 2024. Ndinapita kukawapepesa asanachoke, ndinatenganso kandalama kobwezera thiransipoti ya mwana wawo, koma anakana kulandira. Anati, "Sindinkafuna ndalama zanu, ndinkafuna mundimve." Tikakumana ku Nsungwi timapatsana moni wa pakamwa basi. Mayi a khanda aja anabwerera kuchokera ku Likuni khola litatha, ndipo pano amabweranso kudzapala moto.

Sheba amauwabe. Wina akagogoda geti mwamphamvu amauwa, kukakhala maliro pafupi anthu n'kumaimba usiku amalira nawo, ndipo nthawi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ana akamaphulitsa makombola amachita mantha mpaka kukodza, ndiye masiku amenewo amagona m'nyumba wailesi ili chiyatsire. Ndi bambo olondera aja tinapangana kuti akalira kupitirira mphindi zochepa masana, azingondiflasha. Ndikaona nambala yawo ndimaimbira agogo, mdzukulu wawo n'kupita kukaona chavuta. Kiyi wa khola wachiwiri amakhala kwa bambowo. Mwezi watha anandiflasha tsiku limene owerenga mita ya madzi analowa mumpanda, komanso tsiku lina pamene mphaka wa kuseri anakhala pamwamba pa khola n'kukana kutsika.